Mlonda Sangakwatire

Loweruka, 3 Meyi

Ndawononga Loweruka lonse ndi mneni mmodzi. Ine amene ndimalipidwa pokonza chiyankhulo cha anthu ena m'mabuku a sukulu.

Kwa achimwene, 2 koloko masana, monga mwa masiku onse. Tebulo lodyera, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi kachikatoni. Mapu ojambula kuseri kwa kalendala ya chaka chatha. Madayisi m'chitini cha mabisiketi. Anthu anayi. Achimwene kumutu kwa tebulo, eni nthano: iwo ndiwo amanena zimene zili kuseri kwa chitseko chilichonse, ndiwonso pakamwa pa adani ndi mafumu onse. Wamano, amene mkati mwa sabata amazula anthu mano, Loweruka ndi Wakuba. Aphunzitsi a masamu, Loweruka ndi Wamatsenga. Ine, Mlonda. Aliyense ndi pepala la munthu wake, manambala a mphamvu, liwiro, nzeru. Umanena chimene munthu wako akufuna kuchita, n'kuponya dayisi, dayisilo n'kugamula. Ku ofesi ndinaleka kufotokoza. Abwana amati ndi juga ya anthu ophunzira, yoti ngakhale wopambana amabwerera kwawo chimanjamanja.

Zaka ziwiri ndi miyezi itatu Mlonda ali m'manja mwanga. Mphamvu 17, palibe womuposa. Chitseko chikakhala chokayikitsa, onse pakamwa pamodzi: Mlonda atsogole. Lero anaima yekha pamlatho, adani makumi anayi, dayisi n'kundikonda katatu motsatizana. Wamano anamenya tebulo ndi chimwemwe, tiyi n'kutayikira pamapu. Mzinda wapeza nyanja yatsopano chakumpoto.

Kenaka mphoto. Achimwene anakhuthalitsa mawu, aja a mwini mzinda. Akuti Mlonda wapulumutsa anthu anga, atenge mwana wanga wamkazi, amukwatire.

Ine ndili kalikiliki kutola madayisi, osaganiza n'komwe. Dzanja la cholembera chofiira linalankhula lokha. Ndinati, "Mlonda sangakwatire. Angakwatiwe, ndipo sakufuna."

Onse atatu ananditembenukira.

Aphunzitsi anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati kuyambira tsiku lobadwa, ngati ine ndemwe. Wamano anayamba kuseka, n'kuona kuti akuseka yekha, n'kusandutsa phwete lakelo chifuwa. Achimwene anatenga pepala langa, kuliyang'ana kutsogolo, kulitembenuza, ngati satifiketi yogula pamsewu. Anatseka buku 5 koloko isanakwane. Akuti mutu.

Alamu, akazi awo a achimwene, anabwera kudzachotsa makapu. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuluma mlomo wam'munsi.

Lolemba, 5 Meyi

Nsapato yakumanzere yayamba kuyasamula. Basi yochedwa. Padesiki buku la kalasi yachinayi: anyamata akuyendetsa ndege, atsikana akusesa pabwalo la ndegeyo. Ndalemba m'mbali ndemanga yanga ya chaka ndi chaka.

Digiri yanga yachiwiri yonse inatsamira pa kamawu kamodzi: iye. Masamba zana ndi makumi anayi otamanda mlowam'malo ameneyu. Ndinati ziyankhulo zina sizitha kutchula munthu zisanamusuzumire m'zovala, koma chathu ayi, chathu n'chaulemu. Iye anabwera, iye analamula, iye anapha njoka. Mwamuna kapena mkazi, zako zimenezo. Akuluakulu a mayeso anawomba m'manja. Mmodzi anali m'tulo koma anadzidzimuka pa nthawi yake.

Chimene sindinalembe: mawu akakhala chete, womvera amadzalapo ndevu.

Zaka ziwiri, azibambo atatu ophunzira. Sindinanamepo. Papepala panalibe mzere wofunsa zimenezo. Tsiku lina Mlonda anatchula Wakuba kuti mlongo wanga, Wamano n'kundikonza mokoma mtima kuti amuna okhaokha satchulana choncho, akudabwa kuti katswiri ngati ine sakudziwa.

Iyi ndi ya m'buku lino lokha. Mwezi wachitatu wa masewerawa Aphunzitsi anasisita pepala langa n'kunena kuti uyu ndiye mwamuna, enafe tikungoperekeza. Ndinamva bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa, n'kuponyamo bisiketi. Zinthu zinkayenda bwino, ndinati ndidzanena sabata yamawa.

Lachitatu, 7 Meyi

Uthenga wa achimwene pafoni: "Loweruka, nthawi yomweyo." Palibe moni. Ndauwerenga kasanu ngati mwana wa mayeso. Nthawi yomweyo, ndiye kuti sindinachotsedwe. Kadontho kumapeto, ndiye kuti akwiya. Kapena amangolemba bwino.

Munthu wamkulu, wa imvi zinayi zowerengeka, kunjenjemera chifukwa cha mpando wa pulasitiki. Koma ndikudziwa chifukwa chake.

Bambo anadwala miyezi isanu ndi iwiri. Achimwene ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwameta. Ine ndinali kutali, kutamanda mlowam'malo. Ndinkati ndimalize kaye mutu wachinayi. Ndinafika mwambo wa maliro utatha, mipando akuibweza. Achimwene ananditengera chikwama mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Digiri ija yafika bwino? Isanyowe." Chaka chathunthu osayankhulana. Kenaka alamu anaimba: azibambowa akusowa munthu wachitatu pamasewera awo, wina wasamuka, bwerani mudzangodzaza mpando.

Kuyambira pamenepo achimwene amandiyankhula maola anayi pasabata. Osati ine kwenikweni. Mlonda. Mlonda, ukuona chiyani? Mlonda, wavulala, khala kaye pansi. Tsiku lina Mlonda atatsala pang'ono kufa, mawu a achimwene ananjenjemera zenizeni, ndipo ndinapita kubafa kukatsegula mpopi. Kunja kwa tebulo limenelo tili ndi moni ndi nyengo basi.

Ndiye inde. Mpando wa pulasitiki.

Loweruka, 10 Meyi

Ndapeza pepala latsopano pamalo anga, losindikiza bwino, la m'kapulasitiki. Ulemu wake ngati kalata yochotsa ntchito.

Mphamvu 14. Zitatu zapita kuti? Aphunzitsi anakonza magalasi. Akuti ndisaone ngati tsankho, ndi masamu chabe, mukatenga akazi chikwi ndi amuna chikwi n'kuwanyamulitsa matumba a simenti. Ndinawakumbutsa kuti munthu wawo amauluka atakwera chitseko cha chimbudzi, ndipo sabata zitatu zapitazo tinachita mgwirizano ndi ng'ona yodziwa malamulo. Anati zimenezo ndi matsenga, koma mkono wa mkazi ndi sayansi.

Pansi pake mzere watsopano, wa ine ndekha. Kukongola, 15. Akuti kundibwezera zitatu zija. Ndinafunsa kuti Wakuba kukongola kwake ndi zingati. Wamano anati mwamuna sakongola, amangooneka.

Tinafika pachitseko chokayikitsa. Ndinakonzeka kale dayisi m'manja. Wamano anatambasula mkono ngati wapolisi wa pamsewu: amayi akhale kumbuyo. Analowa iye. Dzenje. Ndinaponya dayisi kuti ndimukoke, linagwa bwino ndithu, koma ndi 14 sizinakwane. Ndi 17 akanatuluka. Ndinawawerengetsera Aphunzitsi pang'onopang'ono, popeza amakonda masamu. Wamano ali m'dzenje momwemo anati, "Paja ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." Ndinamuuza kuti ng'ombeyi yamukoka zaka ziwiri, ngolo yake ndiyo inalibe maso. Anaseka onse. Inenso ndinaseka. Kuseka kwake kuja kwa pachipatala.

Choipa si nthabwala. Choipa ndi achimwene. Kale tikalowa m'nyumba ya alendo, mwini nyumba ankaopa lupanga la Mlonda. Lero aliyense wa m'nthano akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, wogulitsa mahatchi, wansembe, ngakhale wopemphetsa wakhungu. Ndipo achimwene pofotokoza zimenezi maso ali pachitini cha mabisiketi, chibwibwi, thukuta pamphuno. Masana onse sanandiyang'ane kumaso.

Lamlungu, 11 Meyi

Mvula. Zovala zosauma, zaunjikana pampando. Ndinatulutsa makope anga atatu a masewera n'kuchita zimene ndimachitira mabuku a eni ake.

Anthu a m'nthano ya achimwene amene tinayankhulana nawo: makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Akazi asanu ndi awiri. Awiri tinawapeza atafa kale, ntchito yawo inali kununkha kuti tidziwe njira. Mmodzi mfiti. Mmodzi mayi wolira mwana. Mmodzi wogulitsa mowa. Mmodzi mwana wa mwini mzinda uja, mphoto yanga, sanapatsidwe ngakhale mawu amodzi. Wachisanu ndi chiwiri anali wanzeru kwambiri, tinamukonda tonse, pamapeto pake anapezeka kuti ndi mbuzi yolodzedwa.

Ndinaseka ndekha mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitirira payokha.

Ku ofesi ndimawerenga atsikana osesa m'zithunzi n'kulembera olemba makalata aukali. Kuno zaka ziwiri sindinawerengepo. Ndinkapambana. Wokhuta sawerenga mbale za anzake.

Lachinayi, 15 Meyi

Alamu anatulukira ku ofesi nthawi ya nkhomaliro, atavala yunifolomu yawo ya ku famase. Tinakhala pakhoma la kuseri, pafupi ndi jenereta. Anayamba ndi kundinyoza nsapato, akuti anakwatiwa m'banja la anthu ophunzira koma oyenda zala zili panja. Ndinati m'banja mwathu tinatola mkazi wa pakamwa ngati lumo, sitinaone chifukwa anabwera akumwetulira.

Kenaka anati iwo ankadziwa kuyambira mwezi woyamba. Amasita zovala m'kanjira ka pakati pa khitchini ndi pabalaza, Loweruka lililonse, chitseko chili pululu. Nthano yonse ali nayo pamtima, mpaka anandikumbutsa dzina la ng'ona ija. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati, "Mlonda akalowa m'nyumba yachilendo amafunsa kaye kuti potulukira ndi pati. Azibambo aja amafunsa kuti chuma chili pati."

Ine mwini wake sindinkadziwa kuti ndimatero.

Anatsegula chikwama. Pepala lopinda kanayi, lojambula mizere ndi rula, manambala a pensulo. Munthu wawo: Woyendetsa ngalawa, mayi wa zaka makumi asanu, dzino limodzi lakutsogolo palibe, ana anakula, mwamuna anamusiya pachilumba china mwadala. Analilemba Lamlungu lapitali. Zaka zonsezi ankati ndi za azibambo, ine ndinangololedwa chifukwa cha sukulu. Tsopano akuti ngati Mlonda ndi mkazi ndipo denga silinagwe, mwina mpando wachisanu ungapezeke. Koma aone kaye mmene zindithere ine. Ndisauze amuna awo.

Ndinawalonjeza ndi mawu akuluakulu. Sindibwerera m'mbuyo, alamu, 17 wanga abwera. Ndimatha kulonjeza, ndinaphunzira kalekale.

Loweruka, 17 Meyi

Wakuba wagwa m'chikondi. Munthu amene zaka ziwiri ankabera Mlonda nsapato ali m'tulo, lero akuthyola maluwa. Masana onse. Tikumenyana ndi adani, iye akufunsira. Tikuwoloka mtsinje, iye akufuna kubereka Mlonda kumsana, ndi zida zake zonse, iye wa mphamvu 9. Wamano mwini wake ndi bambo wa ana atatu, wa ulemu wake, sanandiyang'anepo molakwika. Akuti akungothandiza nthano, mkazi akakhalapo pamafunika kachikondi, apo ayi wabwereranji.

Mlonda anakana. Anakananso. Kachitatu Wamano anapempha dayisi: likaposa 12, Mlonda walola. Achimwene anakanda mutu, n'kuvomera.

Apa ndiye ndinataya bomwetamweta. Ndinati munthu wanga sakwatiwa ndi dayisi. Pakanathera pomwepo ndikanapambana, chifukwa Aphunzitsi anali atayamba kugwedeza mutu. Koma ine ndine ine. Ndinatulutsa chiwerengero changa, akazi asanu ndi awiri, mbuzi ndi zonse. Ndinafotokoza za mlowam'malo. Ndinatchula mawu akuti kafukufuku akusonyeza, kawiri. Mphindi makumi awiri. Ndinkadzimva ndekha mawu akukwera ngati a mlaliki wa m'basi, koma mabuleki panalibe.

Achimwene anadikira ndimalize. Nkhope ija ya tsiku lobweza mipando ya pamaliro. Anati, "Pano si pa yunivesite, chemwali. Nthanoyi ndimailemba ndikaweruka kuntchito, kuti anthu aseke."

Ndipo n'zoona. Makope awo ndinawaona, masamba odzaza, mapu ofufuta n'kujambulanso. Anayamba kulemba bambo akudwala, pampando wa m'chipatala. Ine ndabwera ndi cholembera chofiira.

Dayisi la ukwati silinaponyedwe. M'malo mwake, kutatsala mphindi zisanu, anthu ovala zakuda anatulukira n'kugwira Mlonda, kumuponya m'thumba. Sindinapatsidwe mpata woponya kalikonse. Akuti anandidzidzimutsa.

M'kanjira muja nsimbi inali itaima kalekale.

Loweruka, 24 Meyi

Maola atatu m'nsanja, womangidwa unyolo. Dayisi langa silinagunde tebulo ngakhale kamodzi.

Ndinapempha kudula unyolo. Akuti ndi wachitsulo. Ndinati wa chaka chatha uja, umene Mlonda anadula ndi manja, unali wa mkate? Akuti uja anali ndi 17. Ndinapempha kunyengerera wondilondera. Achimwene anati ndigwiritse ntchito kukongola. Ndinakana. Ndiye khalani.

Ndinakhala. Mabisiketi khumi ndi limodzi. Ndinaphunzira kuti padenga pa achimwene pali banga looneka ngati nkhuku yokhala pampando.

Azibambo awiri anasangalala kwabasi. Kukwera mapiri, kulumbira kuti amupulumutsa kapena afe. Aphunzitsi mpaka anagwetsa msozi polankhula za ulemu wa mzimayi. Pa nthawi ya tiyi anandiuza mokondwa kuti ndisadandaulenso, nthano yonse tsopano ikuzungulira pa ine, kodi si zimene ndinkafuna? Ndinati maliro nawonso amazungulira pa mwini wake.

Palibe woipa patebulo limeneli, ndicho chikundiwawa. Akanakhala oipa ndikanadziwa chochita. Mlonda akumukonda kuposa kale. Kale ankangomudalira.

Ndinanyamuka 5 koloko, ndinati ndili ndi ntchito ya Lolemba. Achimwene anati chabwino, palibe chimene ndiphonye. Sananene mwachipongwe. Ankanena zoona.

Alamu anandiperekeza mpaka pageti. Pobwerera anangoti nsapatozo mukasoketse.

Loweruka, 31 Meyi

Sindinapite. Ndinachapa makatani onse, ngakhale oyera. Foni pawindo, chagada, kuti ndisaiyang'ane. Ndinaiyang'ana.

6 koloko uthenga wa alamu. Akuti achimwene ndiwo anamuyankhulira Mlonda. Analira m'nsanja, kuitana dzina la Wakuba.

Lachinayi, 5 Juni

Ndakumana ndi achimwene m'sitolo yaikulu, pamzere wolipira. Iwo ndi babu lamagetsi ndi sopo, ine ndi mazira. Pakati pathu mayi wina ndi ngolo yodzaza.

Muli bwanji, tili bwino, kaya inu. Kuzizira chaka chino. Eya, kwayamba msanga. Alamu ali bwanji. Ali bwino. Kenaka tonse awiri kuwerenga mosamala zolemba pa paketi ya chingamu, ngati mudzabwera mayeso.

Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi tili ana. Amene ankandinyamula pakhosi kuti ndione mpira. Mawu athu onse anathera pa nyengo, mzere usanasunthe n'komwe. Imvi zawachuluka m'mbali mwa makutu, patebulo sindinkaziona chifukwa amakhala atafulatira windo. Aonda. Akufanana ndi bambo mpaka kaimidwe, dzanja limodzi m'chiuno.

Panja anakweza babu lija ngati kutsazika. Ine ndinakweza mazira.

M'basi ndinayesa kukwiya, mkwiyo osabwera. Mfundo zanga zonse n'zolondola, ndikhoza kuziteteza pamaso pa akuluakulu a mayeso alionse. Nanga mfundo imakufunsa kuti wavulala, khala kaye pansi?

Lamlungu, 8 Juni

Dzulonso sindinapite. Lero 3 koloko kugogoda. Achimwene. Nyumba ino ndakhalamo zaka zitatu, sanapondemo. Anasochera kawiri, akuti.

Anakhala m'mphepete mwa mpando, makiyi m'manja. Tiyi anakana, kenaka anavomera, kenaka sanamwe. Anayang'ana mashelefu a mabuku n'kunena kuti ndiye chuma chake chimenechi.

Abwera ndi njira. Aiganizira sabata yonse, anailemba mpaka pakapepala. Pamlatho paja, mmodzi mwa adani makumi anayi anali mfiti. Pofa anatemberera Mlonda kuti asanduke mkazi. Ndiye zonse za mwezi wathawu ndi temberero. Loweruka Wamatsenga afika pansanja, achotsa temberero, Mlonda abwerera mwakale. 17 yense. Mzere wa kukongola ufufutidwa. Wakuba achita manyazi, tonse tiseka. Palibe wolakwa, palibe wopepesa.

Ndinati ndiye kuti ukazi wanga ndi matenda ochiritsika. Sanaseke, sanakwiyenso. Anatembenuza makiyi.

"Sindidziwa kufotokozera mkazi nthano," anatero. "Kale ndinkaona Mlonda. Pano ndikatsegula pakamwa ndikuona iwe, ndiye ndikamutumizira mikondo dzanja likukana. Ndinakuika m'nsanja kuti pasakhale chokugwera."

Anati iwe. Osati inu wa m'sitolo uja. Zaka zinayi.

Yankho ndinali nalo, labwino, la ndime zitatu. Kuti mikondoyo ndi imene ndinkabwerera. Kuti ndine yemweyo amene anaima pamlatho. Kuti aphunzire, si mochedwa, ayambe ndi mwana wa mwini mzinda uja, amupatse pakamwa. Kuti m'nyumba mwawo momwemo muli Woyendetsa ngalawa akudikira m'chikwama. Koma chomalizachi ndinalonjeza kusanena, ndipo zinazo zinkamveka ngati mutu wachinayi.

Ndinati ndiganiza. Anaimirira. Patebulo pakusoweka munthu, anatero ali pakhomo, azibambo aja sadziwa kufunsa potulukira, agwa m'maenje atatu.

Asanafike pamasitepe ndinali nditavomera kale. Ndinachita kufuula, aneba onse amva.

Lachitatu, 11 Juni

Zifukwa zimene ndapeza mpaka pano. Ndi masewera chabe. Munthu amasintha zinthu ali mkati, osati ali kunja akuchapa makatani. Mumtima mwanga Mlonda adzakhalabe mkazi, iye ndi iye, chiyankhulo chili kumbali yanga. Magazi ndi magazi. Ndidzaibweretsanso nkhaniyi zinthu zikazizira.

Chomalizachi ndachizindikira. Ndi bisiketi ija ya mwezi wachitatu.

Wosoka nsapato akuti yafa, ndingoiika m'manda. Abwana akufuna ndemanga ya buku la kalasi yachisanu mawa. Mutu wachitatu: Mtsikana angathe kukhala chilichonse. Chithunzi chake, namwino.

Alamu aimba kawiri, sindinayankhe. Kenaka uthenga: "Ndamva. Ndiye wangayu ndimumeretse ndevu, kapena ndingomusiya?"

Ndalemba mayankho anayi, ndafufuta onse. Limodzi linali ndi mawu akuti pang'onopang'ono. Ine. Pang'onopang'ono.

Loweruka, 14 Juni

Masewera okoma kuposa onse a chaka chino. Ndilembe zimenezi poyamba, chifukwa n'zoona.

Aphunzitsi anachotsa temberero ndi mawu a matsenga amene anachita kuloweza, manja m'mwamba, mpaka kugunda babu. Pepala lakale linabwerera, lija la banga la tiyi pakona. Mlonda anadula unyolo ulendo umodzi. Wamano anagwira kumaso, akuti maluwa aja tisadzawatchulenso mpaka imfa, ndipo akatchula wina amuzula dzino popanda jakisoni. Tinaseka mpaka Aphunzitsi kutsamwa.

Potsika nsanja, chitseko chokayikitsa. Onse atatu, achimwene ndi iwo omwe, pakamwa pamodzi: Mlonda atsogole. Kuseri kwake mikondo isanu ndi umodzi, iwiri inalowa paphewa. Achimwene anandiyang'ana m'maso mwenimweni, akumwetulira, n'kufunsa ngati ndikutha kuimirira. Ndinati ndikutha. Ndikanama ndikati sindinasangalale. Ndinasangalala mpaka kumapazi.

Ndinalankhula mfundo, anamvera. Ndinati tidzere kumanzere, tinadzera kumanzere. Pakamwa pomwepa, mutu womwewu, bulauzi yomwe ndinavala tsiku la m'nsanja.

4 koloko, tiyi. Alamu analowa ndi thireyi. M'kanjira munalibe nsimbi lero, chitseko chinali chotseka masana onse. Ndinawapatsa moni wa nthabwala, za lumo zija. Sanabweze. Anapereka kwa amuna awo, kwa Aphunzitsi, kwa Wamano. Kapu yanga anainyamula ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kuiika patsogolo panga pang'onopang'ono.

"Tiyi wanu, bambo."

Azibambo anafa nacho chikhakhali. Achimwene mpaka kupukuta m'maso, akuti mwaona, nawonso mayi a kunyumba alowa m'masewera.

Masipuni atatu a shuga, monga amathirira azibambo. Ine shuga ndinasiya ndili ku koleji, ndipo alamu andipangira tiyi zaka khumi ndi ziwiri osalakwitsapo ngakhale tsiku limodzi.

Anaima pomwepo ndi thireyi pachifuwa, kudikira.

Ndinamwa yense.